Mlendo Amene Analowa M'kalasi la Mwana Wanga

Chaka chimene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha mliri, mwana wanga wamkazi anali Folomu 4. Aphunzitsi anati ana aziphunzira pa foni, akuonana nkhope. Ankatumiza linki, ukaidina walowa m'kalasi. Kwathu ku Bwanje netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa khitchini basi, ndiye mwanayo ankakhala pamenepo ndi foni ya amalume ake, dzuwa likumuwotcha paliwombo.

Anatiwonongera ndi amayi apampando a mphakati wathu wa kutchalitchi, amene mwana wawo analinso m'kalasimo. Iwo chilichonse chofika pa foni amachitenga ngati uthenga wa maliro, woti umveke paliponse. Linki ija anaiponya pagulu la mphakati, la kwaya, mpaka la ogula mpunga a ku Golomoti. Aphunzitsi nawonso aliyense wogogoda ankangomutsegulira. Kuno munthu akati odi sitiyamba n'kumufunsa dzina.

M'mawa wina ndikupeta mpunga, ndinamva mawu a bambo wamkulu akutuluka mu foni. Anatchula mwana wanga dzina, n'kumuuza kuti aimirire amuone bwino. Kenako anaonetsa kalasi lonse zithunzi zoti pakamwa polandira Ukalistiya sipanganene. Mwana anaponya foni pansi. Koma munthuyo anali atamujambula kale. Sabata isanathe, akabaza a ku Mtakataka ankapatsirana chithunzi: nkhope ya mwana wanga, thupi lamaliseche la munthu wina.

Amayi apampandowo ndinawapeza akuchapa nsalu za paguwa.

"Mayi, anakutumani ndani kutsegula khola la nkhosa?"

"Iii, anzanga, ine ndimagawa zabwino. Maphunziro n'chinthu chobisa?"

"Mukagawenso makiyi a nyumba yanu pamsika."

"Komatu mwana wanuyo naye amasekerera kwambiri pa foni."

Ndinafinya kolona m'manja kuti dzanjalo lisachite zina.

Amalume ake anabwera kudzatenga foni, nati za sukulu zithere pomwepo, manyazi akwana. Ndinawaimira pakhomo.

"Achimwene, mwaisiya mimbulu, mukukwapula nkhosa imene yalumidwa?"

Anaisiya foniyo pamphasa, n'kuchoka osatsanzika.

Ndinadula kachidutswa ka pulasitala n'kumata kamera. Mwana anabwerera pachulu, akumveka mawu okha. Ine ndinkakhala m'munsi mwake ndi lichero, makutu ali tcheru ngati mlonda wa palinga.

Ndikudziwa kuti ndinalamulidwa kupempherera adani. Bamboyo ndimamupemphereradi: kuti tsiku limene zobisika zonse zidzaululike, nkhope yake idzaonekere kwa anthu onse monga anaonetsera ya mwana wanga. Amayi aja pa Misa ndimawapatsa dzanja la mtendere, nsonga za zala zokha.

Mwana wanga mayeso analemba, anakhoza. Anzake atasonkhana kuti ajambulitse, iye anakaima kuseri kwa ofesi. Lero ali ndi foni yakeyake, ndipo kamera anaimata tsiku lomwe anaigula.