Tsiku Limene Tinaika a Elube a Zisudzo

Ndinadzuka tambala woyamba atangolira. Amayi amene anachezera kuimba pasiwa anali atatsamira khoma, ena akuwodzera. Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka kale, nkhuni zonyowa zikungofuka. Chiperoni chinaphimba phiri la Malosa, ndipo kunkawaza.

Malemuwo anali amayi anga aakulu, a Elube. Anachoka ku Domasi kuno ali mtsikana n'kukalowa gulu la zisudzo ku Blantyre, nthawi imene mkazi wokwera pasiteji ankatchedwa hule. Anayenda m'maholo ndi m'masukulu zaka zambiri, lero akusewera mkazi wapamitala, mawa mayi wotcheza kachasu. Kumpingo anawadula. Sanapepese. Atakalamba anabwerera kudzalima chinangwa, koma akamaitana munthu mawu awo ankamvekabe tsidya la mtsinje.

Kutacha amalume, mlongo wawo wa malemu, anandipatsa pepala la mbiri kuti ndikawerenge pamwambo. Munalembedwa tsiku lobadwa, sukulu, ndi mawu akuti anagwirako ntchito m'tauni.

"Za zisudzozo usatchule," anatero. "Kubwera akuluakulu."

Ndinapinda pepalalo.

Anthu anayamba kufika, a ku Malemia wapansi, ena panjinga, mapazi ali matope. Cha m'ma teni koloko minibasi inatsitsa nkhalamba zisanu ndi imodzi, anzawo a pasiteji. Palibe anawapatsa mpando. Anakhala pansi pafupi ndi bokosi.

Nthawi yanga itakwana ndinawerenga mizere itatu ija, n'kutsitsa pepala. Ndinanena kuti a Elube anali katswiri wa zisudzo, kuti ankadzaza holo anthu mpaka kukwera m'mawindo, kuti fizi yanga yonse inachokera pa siteji yomweyo. Ndinati ngati zimenezo n'zamanyazi, ndiye kuti inenso ndine manyazi a banja lino.

Woyendetsa mwambo anayandikira kuti andilande chimkuzamawu. Mmodzi wa nkhalamba zija, mayi wa imvi mutu wonse, anaimirira pakati pa iye ndi ine. Anzake anaimiriranso. Kenako amayi a m'mudzi mwathu momwe, mmodzimmodzi, ena a iwo omwe kale ankanyoza a Elube. Bamboyo anabwerera pampando wake, ine n'kumaliza.

Popita kumanda mvula inakula. Nkhalamba zija zinatsatira bokosi zikuimba nyimbo imene gulu lawo linkatsegulira masewero, mawu osasa koma osabwerera m'mbuyo. Akwaya anayamba angokhala chete. Pofika pamlatho anali akuvomera.

Madzulo anthu atabalalika, pabwalo panatsala phulusa ndi mabenchi obwereka. Ndinapeza amalume pakhonde ali okha, chipewa pabondo. Ndinkayembekeza kukalipiridwa.

"Ndinakawaonerako a Elube kamodzi ku Zomba," anatero. "Ndinaima kumbuyo kwenikweni kwa holo. Ndinaseka mpaka misozi. Sindinawauze."

"Mukanawauza, amalume."

Ndinalowa m'nyumba. Munali zii, ndipo ndinayamba kupinda mphasa.