Mtanda wofiira pa kanyumba ka telala

Kalata ija ndinalemba ndine, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandiwawa. Bambo anga anali telala pamsika wa ku Mlangeni, m'kanyumba ka zidina kamene anamanga okha. Pafupi pake panali sitolo yaikulu ya mkulu wina wopikula kachewere. Mvula ya chaka chimenecho inang'amba khoma la sitoloyo, mng'alu woti mkono n'kulowa, ndipo linapendekera kukanjira kodutsa ana a sukulu. Ine ndi kasukulu kangako ndinati nkhani iyi ndi ya ku boma, n'kulemba kalata yoti adzaone khomalo.

Anabweradi, anthu atatu pagalimoto yoyera, chitini cha penti kumanja. Anazungulira sitolo ija n'kupakapo mtanda wofiira. Pobwerera, mmodzi anagogoda khoma la bambo ndi kiyi, kadothi n'kuyoyoka, basi napo anapakapo. Anati nyumba zonse ziwiri zigwetsedwe mwezi usanathe, apo ayi adzagumula okha.

Bambo anali munthu woti boma likayankhula amavula chipewa. Ndinawachonderera kuti adikire, tione kaye zimene achite anzathuwo. Anakana, ati safuna kuti nyumba yawo idzaphe mwana wa eni. Loweruka lomwelo anasasula malata, n'kugumula khoma ndi khasu lawo lakumunda, ine ndikututa zidina.

Mwini sitolo anangogula laimu. Anapaka kawiri, mtanda zii, ndipo pamng'alu anakhomapo chikwangwani cha mitengo ya feteleza. Ndinapita ku boma katatu. Tsiku lina ati fayilo ili kwa abwana, tsiku lina abwanawo ali kumsonkhano. Ndinkabwerako m'minibasi chimanjamanja. Anthu aja ndinawakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ndinawaitana ndekha.

Bambo atasowa poika makina, mwini sitolo anawachitira chifundo, anawapatsa khonde lake, munsi mwa khoma lopendekeralo. Kukachita mitambo amayi sankadya.

Patapita miyezi, ndili pomwepo, mmodzi wa atatu aja anaima kudzagula kachewere. Thumba la jekete yake linali litasosoka. Iye sanawazindikire n'komwe bambo, ngakhale khoma lija sanaliyang'ane.

"Madala, tandisokereni apa msangamsanga, galimoto ikundidikira."

Bambo anaimirira, anampatsa mpando wawo, n'kuyamba kufunafuna ulusi wofanana ndi jeketeyo.