Thadzi Limene Linaswa Abakha

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anabwerako ku chipatala cha ku Nguludi chimanjamanja. Popita ananyamula mimba ndi kadengu ka matewera. Pobwera ananyamula kadengu kokha.

Kwathu ndi kuseri kwa Mbulumbuzi, kumene ukaima pakhonde phiri la Chiradzulu limaoneka ngati lamera kumapeto kwa munda wako. Ine ndinali mu Sitandade 4. Mlongo wanga Rozina anali asanayambe sukulu. Bambo ankalonda sitolo ku Limbe. Ankabwera mwezi ukatha, kugona, m'mawa mwake n'kubwerera. Ndiye pakhomo tinalipo atatu, osawerengera nkhuku.

Mwana womwalira pobadwa kwathu amati mtayo. Sakhala ndi maliro. Azimayi akuluakulu anakamuika okha, malo amene ife amuna sitinauzidwe. Panalibe nyimbo, panalibe bokosi. Amayi anawalangiza kuti asalire, ati wolira mtayo saberekanso. Iwo anali munthu womvera. Sanalire. Anayala mkeka m'chipinda, anagona chopenya kukhoma, basi.

Sikuti ankadwala. Thupi linali lozizira bwino. Phala ankangolawa, kenaka n'kukankha mbale. Ukawalankhula ankati, "Ndamva." M'chipindamo munkanunkha thukuta ndi utsi wakale, zenera lotseka usana wonse, kunja dzuwa la Okutobala likung'amba nthaka.

Amene sanawadziwe sangamvetse chifukwa chake zinatiopsa. Amayi anali munthu wochedwa panjira. Ku Misa tinkafika Uthenga Wabwino utawerengedwa kale chifukwa iwo aima kuonerera nyerere zikukoka chiwala, kufuna kuona ngati chilowe pauna. Ankatula ndowa yamadzi pansi kuti atiitane tidzaone kangaude akuluka. Akapeza mwala wosalala kumtsinje ankabwera nawo kumpindiro kwa chitenje, wopanda nawo ntchito. Anthu ankawaseka. Iwo ankaseka nawo. Ndiye munthu wotere kukhala masabata akupenya khoma limodzi, ngakhale mwana ankadziwa kuti zinthu zaipa.

Amalume, mchimwene wawo wa amayi, ndiwo anali eni mbumba. Tsiku lina anabwera panjinga, anakhala pakhonde, nalankhula mokweza kuti mawu alowe m'chipinda.

"Mvula yodzalira ikagwa mayi anu ali chigonere, ine ndidzakugawani. Iwe Fabiyano udzakhala kwa ine, mbuzi zilibe m'busa. Rozina adzapita kwa mayi ake aang'ono ku Namadzi."

Amalume sanali munthu woipa. Munda wosadzala sudyetsa ana, ndipo mizere imene ndinkaunga ndekha ndikaweruka kusukulu inali yokhotakhota ngati njira ya woledzera. Atapita, Rozina anandikoka malaya.

"Achimwene, ku Namadzi munthu angapite n'kubwerako asanadye?"

Ndinati sangabwereko. Kuyambira tsiku limenelo ankanditsatira paliponse, mpaka pakhomo la chimbudzi.

Kutsidya kwa khwawa kunkakhala Abiti Jafali, mayi wachisilamu wogulitsa zitumbuwa kumsewu. Anakulira limodzi ndi amayi, kutunga pachitsime chimodzi kuyambira ali atsikana. Mawu awo ankamveka munthu asanaoneke. Tsiku ndi tsiku ankaima pakhomo la chipinda n'kukalipa. "Amake Fabiyano, mkekawo wakulakwirani chiyani kuti muziupsinja chonchi?" Kenaka ankasiya zitumbuwa pambale n'kumapita akung'ung'udza m'Chiyao.

Tinali ndi thadzi lakuda la kameta, lopanda nthenga m'khosi, loipa nkhope ndi mtima womwe. Linkaikira mumtanga wakale pangodya ya chipinda chomwecho cha amayi, ndipo masiku amenewo linali litangoyamba kufungatira. Abiti analiona. M'mawa mwake anabwera atafukusa kanthu mumpango.

"Abakha anga ndi aulesi ngati amuna a kuno. Kuikira amaikira, kufungatira ayi. Tenga, ukaike kwa kameta wakoyo. Tione ngati nkhuku ingabereke bakha."

Anali mazira akuluakulu, olemera, osalala ngati apakidwa mafuta. Ndinawalowetsa pansi pa thadzilo pamodzi ndi mazira ake amene analipo kale. Linandijompha padzanja, koma linawalandira. Abiti sanandiuze kuti a nkhukuwo ndichotse. Ankayesa kuti mwana aliyense wakumudzi amadziwa.

Kuyambira pamenepo tinali ndi chodzukira. Rozina ankalawirira kukagwada pamtanga paja, mafunso ali mbwee. Adzatuluka ndi mapazi a ndani? Adzalira chinkhuku kapena chibakha? Nanga thadzilo likadzazindikira, lidzapita kukadandaula kwa Abiti? Ine ndinkamuuza kuti atseke pakamwa, koma nane ndinkalingalira zomwezo m'kalasi, aphunzitsi akulemba masamu pabolodi. Zonsezi zinkayankhulidwa kumbuyo kwa amayi. Sanatembenuke.

Anapiye a nkhuku anaswa nthawi yawo itakwana. Thadzi linawerengera kuti ntchito yatha. Linadzuka, linadzikung'untha, linatsogolera ana ake panja. Mazira a bakha anatsala pamtunda, ndipo nditawakhudza anali atayamba kuzizira. Ndinagwira thadzi lija n'kulikhazika pamazira mokakamiza. Linandikala, linathawa. Ndinaligwiranso. Nthenga zinali ponseponse, Rozina akulira pakhomo, anapiye akulira panja.

"Unasakaniza mazira?"

Mawuwo anali osasa, ngati chitseko chimene sichinatsegulidwe chaka chonse. Ndinatembenuka. Amayi anali atadzutsa mutu.

"Eya, amayi."

"Iwe ndiwe mwana wa ndani? A bakha amachedwa kuswa. Tola anapiye onse, ukawaike kukhitchini komwe silingawamve. Thadzilo ulivundikire ndi dengu pamazira pomwepo, usanjikepo mwala. Likaleka kumva ana ake likhala."

Anagonanso. Koma ine ndinathamangira kukatola anapiye mosangalala, chifukwa kundinyoza kumeneko kunali kulankhula kwawo koyamba koposa "Ndamva" uja.

Thadzi linalongolola pansi pa dengu mpaka linatopa, linakhala. Vuto linasamukira kukhitchini. Anapiye opanda make salekeza kulira. Ndinawaika m'lichero, ndinawafunditsa chiguduli, osatheka. Rozina anawapatsa chimanga chosasinja, iwo n'kumangochiyang'ana. Kulira kwawo kunali kochepa koma kobaya, kopyola khoma. Tsiku lachiwiri lake ndikuchokera kusukulu ndinapeza amayi ali pakhonde. Anali ataonda, tsitsi litapotana, maso akuphethira ndi kuwala. Anapiye onse anali pamiyendo pawo m'kati mwa chitenje, ali chete. Pambali panali chipande cha gaga wonyowetsa.

"Akanafa," anatero, osandiyang'ana.

Ndinatenga khasu n'kupita kumunda, kuopa kuti ndikalankhula abwereranso m'chipinda.

Patapita masiku, thadzi litatuluka kukamwa madzi, amayi anandituma kufunditsa madzi pang'ono m'beseni. Anayesa kutentha kwake ndi chigongono. Kenaka anatenga mazira a bakha aja n'kuwaika m'madzimo limodzilimodzi. Anati tisapume mwamphamvu. Tinaweramira beseni atatu, mitu ikugundana. Madzi anadekha. Ndiye dzira limodzi linagwedezeka lokha, pang'ono chabe, ngati wina walikankha kuchokera m'kati. Linzake nalo linatero. Rozina anadzigwira pakamwa. Ine ndinali ndisanaonepo chinthu chotere, ndipo mpaka lero sindinaone choposa.

Limodzi lokha silinagwedezeke. Amayi analidikira nthawi yaitali. Analitola, analiika kukhutu, analipukuta ndi chitenje.

"Ili lasukusa."

Ndinatambasula dzanja kuti ndikaliponye kudzala. Sanandipatse. Anabwezera enawo mumtanga, anatenga kakhasu ka Rozina, napita nalo kuseri kwa nthochi. Anakhalitsako. Rozina anafuna kuwatsatira, ine ndinamugwira mkono. Tinkawamva. Pobwera maso anali ofiira, ndipo tsiku limenelo anadya.

Abakha anaswa mitambo itayamba kusonkhana paphiri. Anali achikasu, amilomo yophwatalala, oyenda ngati amangidwa miyendo. Thadzi linawayang'ana ndi diso ili, kenaka ndi diso linalo, n'kuvomera. Linkawapalasira pansi n'kuwaitana, iwo osadziwa kuti kupalasa n'chiyani. Amayi ankaonerera ali pakhonde. Koma malire awo anali khonde lomwelo. Kumunda sankapita, mbewu inali ikadali padenga la khitchini, ndipo ine ndinkayang'ana kumwamba ndi mantha. Mlimi aliyense ankapempha mvula. Ine ndekha ndinkapempha kuti ichedwe.

Sinachedwe. Inagwa madzulo ena, yamphamvu, fungo la dothi lonyowa linalowa mpaka m'zofunda. M'mawa kunacha koyera, ngumbi zili mapiko okhaokha pabwalo, minda yonse anthu atawerama. Wathu wokha unali wopanda munthu. Dzuwa lisanakwere ndinamva belu la njinga. Amalume anali atavala buluku la ku tchalitchi, ndipo pakaliyala anamangapo kamtsamiro. Rozina atangokaona anathawira kumbuyo kwanga n'kugwira lamba wa kabudula.

Anapatsana moni ndi amayi. Amalume anakhosomola, kukonza kummero kuti ayambe nkhani. Nthawi yomweyo thadzi linatulukira kuseri kwa nyumba ndi ana ake aja.

Kumapeto kwa bwalo kunali dzenje limene bambo anakumbapo dothi loumbira njerwa. Mvula inali italidzaza madzi ofiira. Abakhawo anali asanaonepo madzi oposa a m'chigoba chomwera. Woyamba anaima, anatukula mutu. Kenaka onse anathamanga, kugwa n'kudzuka, mpaka m'madzi thibu. Anayandama ngati akhala akuchita zimenezo kuyambira kale. Ankamiza mitu, matako m'mwamba.

Thadzi linapenga. Linathamanga kuzungulira dzenje, khosi lake losamera nthenga litafiira, likukuwa ngati kwalowa mbala. Linaviika phazi limodzi, linabweza msanga, linalikung'untha. Linapalasa pansi kunamizira kuti lapeza chakudya, ana osalabadira. Linatiyang'ana ife anthu ngati likufunsa kuti tangoima bwanji.

Amalume ndiwo anayamba, kuseka kwa m'mphuno kofuna kubisa. Kenaka ndinamva kuseka kwina kumbuyo kwanga. Amayi anali atatsika pakhonde osazindikira, ali pakati pa bwalo, mapazi m'matope. Anaseka mpaka anagwira m'mimba, mpaka anakhala pansi pamatope pomwepo, misozi ikuyenderera. Kutsidya Abiti Jafali anaimika khasu.

"Amake Fabiyano, mwauka? Ndimati ndidzakutengereni mkekawo ndikagulitse!"

"Bwera udzatenge ana ako, akuzunza nkhuku yanga," amayi anayankha.

Atapuma anadzuka, anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anayang'ana njinga, anayang'ana kamtsamiro kaja, anayang'ana Rozina. Kenaka analowa m'khitchini n'kutulukamo ndi makasu ndi chimanga cha mbewu chakuda ndi mwaye.

"Achimwene, njingayo ikani pamthunzi. Mwachita bwino kulawira. Inu muzikumba mapando, ana azitaya mbewu."

Amalume anayang'ana buluku lawo. Anapinda miyendo yake mpaka m'mawondo, nalandira khasu. Tinadzala mpaka dzuwa kupendeka, chimanga ndi nandolo, m'mizere yanga yokhota ija. Za ku Namadzi sizinatchulidwenso.

Amayi sanaberekenso. Kaya n'chifukwa cha kulira kuja kuseri kwa nthochi, kaya ayi, ine sindidziwa, ndipo sindinawamve akudandaula. Anakhala nafe zaka zambiri. Tsopano anagona.

Lero zinthu zinasintha. Anapiye amabwera m'katoni paminibasi kuchokera ku Limbe, oswedwa ndi magetsi, osadziwa make. Adzukulu anga zodabwitsa amaziona pafoni, zambirimbiri, chala chikungokankha, ndipo sindinaonepo mmodzi akugwira mpweya kudikira kuti chinthu chigwedezeke. Pawailesi ndimamva anthu ophunzira akufotokoza mmene munthu angakhalire wosangalala. Mwina akunena zoona. Ine ndinalekeza sukulu ya pulaimale, ndimakonza njinga pamsewu, mawu ambiri ndilibe. Chimene ndinaona n'chakuti munthu amadzuka akakhala ndi kanthu kakang'ono kofuna kukaona kuti lero kali bwanji.

Chimene amalume anachileka, moyo unadzachichita wokha. Rozina anakwatiwa kutali, kumpoto, ndipo timaonana pamaliro basi. Koma mvula yoyamba ikagwa kuno amamva, kaya amamva kwa yani, ndipo amaimba foni. Tonse ndife osalankhulitsa. Amafunsa za miyendo yanga, ine ndimafunsa za ana ake. Kenaka amafika pa funso lake.

"Achimwene, dzenje lija ladzaza?"

Dzenjelo analikwirira kalekale. Mphwanga, mwana wa mayi aang'ono aja, anamangapo nyumba yamalata, pali ndi simenti pakhonde.

Ndimati ladzaza.