Tsiku limene bambo anaphunzira kukalipira apongozi awo

Ndikukumbukira holide ya Khirisimasi ya chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Ivory Park m'zipinda ziwiri zamalata kuseri kwa nyumba ya eni ake. Mvula ya ku Joni nyengo imeneyo sichita masewera. Imabwera masana ndi chimphepo, ziphaliwali ndi matalala, ndipo ikapita imasiya mitengo itathyokera pamipanda ya anthu. Ena ankadandaula, koma kwathu kunkakhala chimwemwe, poti banja lathu linkadyera kudula mitengo.

Gulu lake linali la anthu atatu. Agogo, bambo awo a mayi anga, ndiwo anali eni baki yakale yoyera, galimoto ya bokosi kumbuyo, ndi macheka a injini. Ali mnyamata anagwirapo ntchito kumigodi, ndipo phokoso la pansi pa nthaka linawasiyira khutu limodzi logontha. Bambo anga ndiwo ankakwera m'mitengo ndi zingwe. Amalume Fuledi, mlongo wawo wa mayi, ankakoka nthambi pansi ndi kuzipakira m'baki.

Koma amalume anali ndi ntchito inanso imene palibe anawalembera: anali pakamwa pa bambo. Kwathu ku Dedza mkamwini sayang'ana apongozi ake m'maso, sadya nawo m'mbale imodzi, ndipo zowakwezera mawu ndiye musatchule n'komwe. Bambo anga khalidwe limeneli anachoka nalo kumudzi, nawoloka nalo malire onse osalitaya ngakhale pang'ono. Ndiye akakhala m'mwamba, nthambi ili pafupi kugwa, sankakuwira agogo ayi. Ankaitana mlamu wawo: "Alamu, tawauzani bambo asunthire uko." Amalume n'kutembenuka, n'kupita kukhutu labwino lija: "Bambo, akuti musunthe." Agogo n'kusuntha. Uthenga unkayenda chonchi tsiku ndi tsiku, ndipo onse atatu ankaona kuti zili bwinobwino.

Loweruka lina mayi anaitanidwa kuntchito kwawo konyamula ana ndi kuchapa, ndipo anakana kundisiya ndekha pakhomo. Agogo anati, "Mkazi wangayu apite nafe, akatisungire tiyi." Ankanditcha choncho, monga achitira agogo ndi adzukulu awo, ndipo ine ndinkawayankha kuti mwamuna wopanda mano ofika sindimufuna. Ndinakwera kumbuyo kwa baki, pakati pa zingwe ndi zigubu za petulo, mtima uli m'mwamba ngati ndikupita ku ukwati.

Ntchito inali ku Fourways, panyumba ina ya mpanda wautali wokhala ndi mawaya a magetsi pamwamba. Eni ake anali atapita kunyanja kukapuma, ndipo anatitsegulira geti ndi mayi wina wachizulu wogwira ntchito pamenepo, dzina lake Sisi Thandi. Kuseri kwa nyumba kunali chimtengo cha bulugamu, chachitali moti kuti uone nsonga yake khosi linkapweteka. Mphepo inali itachipotokola, ndipo nthambi zina zinali lende, zongogwirira khungwa. Fungo la masamba ake linali ponseponse, lija limakumbutsa mankhwala a chimfine.

Anandikhazika pachitini cha penti pafupi ndi galaja, nandipatsa fulasiki ndi buledi, nati ndisachoke pamenepo. Ndinkaonerera bambo akukwera, chingwe m'chiuno, macheka akulendewera kumbali. Abale, bambo anga m'mtengo anali munthu wina! Pansi anali ofatsa, oyenda ngati akuopa kupweteka nthaka, koma m'mwamba ankadumpha nthambi ndi nthambi akuimba mluzu. Utuchi unkatsika ngati ufa, n'kumandigwera m'tsitsi.

Dzuwa litakwera, baki inadzaza, ndipo amalume ananyamuka kukataya nthambi. Bambo anazimitsa macheka, nakhala pamphanda ya mtengo kudikira, poti popanda mlamu wawo sankadula kanthu. Agogo ndiwo sankadziwa kukhala chete. Anatenga wilibala, nalowa pansi pa mtengo kukawola masamba, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, khutu logontha lija litaloza kumwamba. Chisoti chawo cholimba cha kumgodi, chimene ankachitcha makalapa, chinali chitapita ndi baki, poti chinkakhala kumbuyo kwa mpando chaka chonse chikusunga misomali.

Kenaka ndinamva kaphokoso m'mwamba, ngati munthu akung'amba nsalu pang'onopang'ono. Nditakweza maso, ndinaona nthambi yaikulu, imodzi mwa zothyoka ndi mphepo zija, ikuweramira pansi, ndipo pansi pake penipeni panali msana wa agogo. Bambo nawonso anaiona. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, pakamwa patseguka. Ndiye mukudziwa chimene chinatuluka?

"Zikomo, bambo."

Anatsokomola pang'ono, nabwerezanso: "Zikomo kumeneko, bambo, pepani..."

Agogo anapitiriza nyimbo yawo. Nsalu ija inapitiriza kung'ambika. Ine sindinaganize chilichonse, mawu anangotuluka okha, aja tinkakuwirana ndi anzanga pamsewu tikaona teksi ikubwera mothamanga.

"Iwe mdala iwe! Thawa!"

Amenewo ndiye anawamva, ngakhale ndi khutu lakufalo. Anaponya pansi chowolera masamba, natembenuka, nayamba kubwera kwa ine chala chili m'mwamba, maso ali psuu.

"Wati chiyani iwe? Ndani akumutcha mdala pano?"

Sanamalize. Kumbuyo kwawo kunamveka chiphokoso, nthaka inagwedezeka mpaka fulasiki inagwa pamiyendo panga. Fumbi ndi masamba zitatsika, wilibala ija inali itaphwatalala ngati chitini chopondedwa ndi lole, gudumu lake likugubudukira kudziwe losambiramo. Agogo anaima chilili, chala chikadali m'mwamba. Sisi Thandi anatulukira kukhitchini manja ali kumutu, akukuwa m'Chizulu, "Hhayi bo! Mkhulu!"

Ine ndinayamba kulira. Mantha anali awiri: oti agogo akanafa ndikuona, ndi oti mayi akamva kuti ndatcha bambo awo "iwe mdala" andisenda khungu. Kunena zoona, achiwiriwa ndiwo ankakula.

Agogo anayang'ana wilibala nthawi yaitali. Kenaka anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: anakweza mutu, nalankhula ndi mkamwini wawo mwachindunji.

"Tatsikani."

Bambo anatsika, nakanjuta chapatali, maso pansi, chipewa m'manja. Thukuta linali chuchuchu.

"Nthambi ija munaiona?"

"Ndinaiona, bambo."

"Ndiye munati chiyani?"

Bambo anayankha maso ali pansi: "Ndinati zikomo."

Kenaka mapewa a agogo anayamba kugwedezeka, ndipo anaphulika chiseko, kuseka mpaka kukhala pansi paudzu, misozi ili mbwembwembwe. "Zikomo! Mayo ine! Ndapulumuka miyala ya pansi pa nthaka kuti ndidzafe ndi zikomo ku Fourways? Bwenzi pamaliro anga akuti anafa mwaulemu kwambiri mkuluyu!"

Bambo sanaseke. Anali pafupi kulira, ndipo agogo ataona zimenezo anapukuta maso, nasiya nthabwala. Anati kumgodi kunali akuluakulu oopsa, oti sungawadutse kutsogolo, koma denga likayamba kulankhula, ngakhale mnyamata wofika dzulo ankakuwa "Basopa!", kutanthauza "chenjera", ndipo bwana ankathawa osafunsa kuti wakuwa ndani. "Kunyumba ndine apongozi anu," anatero. "Pansi pa mtengo ndine mutu basi, wofewa ngati wa aliyense. Imirirani mundikuwire."

Apa ndiye panali ntchito. Bambo anaimirira, nayang'ana kumpanda, nati chapansipansi, "Basopa, bambo."

"Mukuuza mpandawo? Yang'anani kuno. Ndipo 'bambo' ameneyo mumusiye, nthambi sidikira."

"Basopa."

"Sindinamve. Ndine wogontha ine, mwaiwala?"

Anabwereza kangapo, mawu akukwera pang'onopang'ono ngati wailesi imene wina akuikweza mwamantha. Sisi Thandi anali atatsamira chitseko, akuseka mpaka kugwira m'mimba, ngakhale Chichewa sankachimva. Amalume anabwera ndi baki n'kupeza mlamu wawo ataima pakati pa bwalo la eni ake akukuwira bambo awo, ndipo anatsika injini ikulira, akuganiza kuti banja latha. Atawafotokozera, amalume anayang'ana wilibala, kenaka anapita okha kukakhuthula misomali m'makalapa muja n'kuwaveka agogo kumutu.

Tisanayambirenso ntchito, agogo anaika malamulo tili chiimire pomwepo. Munthu akakhala m'mwamba, pansi pa mtengo pasapezeke aliyense, kaya macheka akulira kaya ali chete. Wodula akuwe asanadule, ndipo asadule mpaka wapansi atayankha. Nthambi zothyoka kale ndi mphepo zizitsitsidwa poyamba, zisanakhudzidwe zina. Ndipo woona choopsa akuwe yekha, osatuma munthu. Ine anandikweza udindo: ndinachoka pa tiyi n'kukhala woyang'ana kumwamba, ndipo anati ndikadzawatchanso mdala popanda nthambi, ukwati wathu udzathera pomwepo.

Koma agogo anali munthu wosakhulupirira za pakamwa. Chakumasana, bambo ali m'mwamba ndipo atakoka kale chingwe cha macheka, ndinaona mkulu uja akuyenda dala kulowera pansi pa mtengo, manja kumbuyo, ngati akuyendera munda wake. Anandiphinira diso kuti ndikhale chete. Ndinkadziwa kuti bambo akalepheranso, agogo sadzawalolanso kukwera, ndipo ntchito ya m'mitengo ndi yokhayo imene bambo ankaikonda. Macheka anazima. Panapita kamphindi. Kenaka kuchokera m'masamba munatsika mawu amene sindinkadziwa kuti bambo anga ali nawo.

"Basopa! Chokani pamenepo! Chokani msanga!"

Agalu a nyumba zoyandikana anayamba kuuwa. Njiwa zinabalalika padenga. Agogo anadumpha ndithu, osati mwachiphamaso, nathamanga atagwira makalapa awo, ndipo atafika pamene ndinali ine anali akumwetulira mkamwa monse. "Wamva?" anandinong'oneza. "Mwana wanga anakwatiwa ndi mwamuna."

Titafika kunyumba madzulo, zonse zinabwerera m'malo mwake. Bambo anawapatsira agogo madzi osamba m'manja atanjuta, natenga mbale yawo kukadyera panja monga mwa masiku onse. Amalume ndiwo anafotokozera mayi nkhani yonse, akuwonjezera mchere, akuyerekeza "zikomo kumeneko" ndi mawu aang'ono mpaka anthu a zipinda zina anabwera kudzamvera. Atafika pa "iwe mdala," mayi anandiyang'ana ndi diso lija ndinkalidziwa bwino, ine n'kuyamba kuyeza mtunda wa kukhomo. Koma anangondikoka, nandikumbatira mwamphamvu mpaka ndinamva mtima wawo ukugunda, nati m'khutu, "Usadzazolowere."

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ntchito yanga ndi yophunzitsa magulu odula mitengo za chitetezo, muno mu Joni ndi m'minda ikuluikulu ya paini kum'mawa kwa dziko lino. Ndimawaonetsa zisoti, magalasi a m'maso, zotseka m'makutu, mabuluku osadulika ndi macheka. Zonsezo n'zofunika, ndipo ndimakangana ndi mabwana aumbombo kuti azigule. Koma ndaona kuti zogula m'sitolo ndi mbali yosavuta. Chovuta ndi kumasula pakamwa pa munthu amene analeredwa bwino. Anyamata akwathu amafika kuno ali ndi ulemu wa bambo anga: amaona chingwe chodyeka, amaona kapitawo ataima polakwika, koma amangoyang'ana pansi poopa kuoneka amwano kapena kuchotsedwa ntchito. Ndiye tsiku loyamba ndimawaimika pamzere kuti andikuwire ine, mmodzimmodzi, kenaka akuwire kapitawo wawo. Amachita manyazi, amaseka, ena amayamba ndi "pepani amayi." Sindiwalola kugwira macheka mpaka mawu atatuluka.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti tsiku lija bambo anaphunzira kuchepetsa ulemu. Pano ndikudziwa kuti sanachepetse kanthu. Munthu amene ukumulemekeza umafuna abwerere kwawo ndi miyendo yake, ndipo nthawi zina zimenezo zimalira kuti umukalipire pamaso pa anthu. Agogo anabwereradi ku Dedza ndi miyendo yawo, ndipo pano akalamba, khutu lachiwiri nalonso likutha. Ana anga onse awiri anawanyamulapo m'manja. Ndikawaona pafoni atakhala pakhonde, akukangana ndi mwana wanga wamkazi kuti tsopano mkazi wawo ndi iyeyo, ndimadziwa kuti mkulu ameneyu tikanamuika m'manda kalekale, tonse titavala bwino, tikulankhula motsitsa mawu.