Mbuzi pa sofa ya mayi a Zito

Moni nonse. Katundu wafika ku Cuamba, koma imvani mmene ndadzichenjerera ndekha.

A kampani yosamutsa anthu atanditchulira mtengo ndinangoseka. Ndinakapeza kamiyao, lole ija, yobwerera ku Cuamba yopanda kanthu, n'kumunenerera motorista, dalaivala wake, mpaka theka la mtengo wa kampani uja. Anavomera msanga osakanda n'kumutu komwe, ine n'kumadziona ngati katswiri wa Mandimba yense.

Titachoka ku Mandimba m'mawa uno, anaimitsa galimoto pamsika wina m'njira. Kunabwera bambo wina ndi mbuzi khumi ndi ziwiri.

"Zimenezi zikukwera pati?" ndinafunsa.

"Kumbuyoko, bambo," anatero motorista. "Inu munalipira theka. Theka linalo alipira ndi eni mbuziwa."

Ndinakhala kutsogolo, osaona za kumbuyo ulendo wonse. Potsitsa katundu tapeza tonde atadula chingwe, atakhala pa sofa ngati mwini nyumba, akubzikula siponji. Mkono umodzi wa sofayo waudya mpaka thabwa. Za fungo ndisanene, aneba atsopano atidziwa kale.

Sofayi ndi ija akazi anga, mayi a Zito, anagula atagulitsa fodya wawo woyamba. Anandichenjeza kawiri kuti nditenge galimoto yotseka ya kampani, ine ndinati andisiyire za amuna. Akubwera mawa pa chapa, minibasi ija.

Ndiye achimwene ndi alamu, mukuti bwanji? Ndiwaimbire lero kuti mkwiyo uthere m'njira, kapena ndiphimbe sofayo ndi nsalu, akafika adye kaye? Komanso wina anditsimikizire kuti iwowo sali pa gulu lino.