Makina Othamanga Amene Ndinasankha

Bungwe lathu ku Insaca linkajambula mawu a anthu amene anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo ya m'dziko lathu itatha. Linandituma ku Cuamba kukasankha makina osungiramo mawuwo. Ena anali ochedwa koma osunga chilichonse pawiri, ena othamanga ngati mphenzi koma osunga kamodzi kokha. Wogulitsa atanditchula kuti "enjenyeru", ndinayamba kudzimva, ndipo ndinachita manyazi kufunsa zambiri. Ndinanyamula othamangawo.

Tsiku lina magetsi anathima mwadzidzidzi, disiko imodzi ya m'makinawo n'kupsa, mawu ambiri n'kupita nayo.

Kenaka kunabwera Abiti Saidi, mayi wamasiye wa ku Chiuta, kudzamvako mawu a malemu amuna awo. Mawuwo anali m'gulu la amene anapita ndi disiko ija.

"Makinawa akuchedwa lero, amayi," ndinanama, maso ali pansi.

"Usadandaule, mwananga," anatero akuyala nsalu yawo ya kapulana pakhonde. "Bambo akowo sankayankhula mothamanga. Ndidikira."