Lumo la malume

"Mtima wangawu ndi wachitsulo," anatero malume akumeta kasitomala. "Chibadwire sindinagonepo m'chipatala."

Mtsikana amene ankasesa tsitsi pansipo anangopitiriza ntchito yake. Ankadziwa kuti chitsulocho chimaima kaye kupuma chikamakwera masitepe.

Anali mwana wamasiye, woleredwa ndi malumewo, ndipo anali atangolephera kachiwiri mayeso a ntchito ya mu ambulansi. Pomata timawaya toyezera mtima pachifuwa, manja ake ankanjenjemera mpaka kusokoneza kakumanja ndi kakumanzere.

"Iwe ukadzakhoza," ankatero malume, makasitomala ali phwete, "ambulansiyo ndidzaitsuka ndekha."

Koma pomuphunzitsa kumeta, mawu awo ankatsika. "Usathamange, mwana wa mlongo wanga. Koka khungu, lumo liziyenda lokha."

Mtsikanayo anameta mitu yosawerengeka mpaka manja anakhazikika. Ulendo wachitatu anakhoza mayeso aja. Pa nkhani yotsuka ambulansi ija, malume anayamba matenda oiwalaiwala.

Tsiku lina masana ambulansi yawo inaitanidwa kometera komwe kuja. Anapeza malume ali pampando wa makasitomala, thukuta kamukamu, dzanja pachifuwa.

"Ndi mpweya chabe," anatero.

"Inde malume. Tiuyeze mpweyawo."

Timawaya tinakana kumata, poti chifuwa chachitsulo chija chinali ndi cheya ngati nkhalango. Popanda chithunzi cha kagundidwe ka mtima, adokotala sakanadziwa chokonzekera, ndipo nthawi inkatha. Mtsikanayo anatola lumo latsopano pashelefu, nakoka khungu kuti amete cheyacho.

"Usathamange," ananong'ona malume.

Mizere itatuluka pamakina, anaitumiza kuchipatala ali pomwepo. Adokotala anaimba foni: mtsempha wa mtima watsekeka, bwerani nawo, tikukonza chipinda. Atafika, anapeza zitseko zotsegula kale. Njira yonse dzanja la malume linali m'dzanja lake.

Atachira, malume anatulukira poimika maambulansi ndi ndowa ndi kansanza, makasitomala atatu ali pambuyo ngati mboni.

"Lonjezo linadulitsa mutu wa mfumu," anatero, akupinda malaya.

Adokotala anali atawaletsa ntchito zolemetsa, choncho anatsuka chitseko chimodzi chokha, mtsikanayo atawagwirira ndowa. Atamaliza, anatembenukira madalaivala, maso ali ofiira.

"Manja amenewa ndinaphunzitsa ndine."

Aka kanali koyamba kudzitama kwawo kukhala koona.

Inu amene mwalephera kawiri ndipo lero mwagwira tsache, osataya mtima. Sesani, phunzirani chomwe chili pafupi, kenako mukalembenso.